Tambala inatha pamsika, koma isathe mu database

Pali mkangano umene sukuzilala pakati pa olemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo umabuka nthawi iliyonse wina akayamba kumanga sisitimu ya malipiro, ya ngongole kapena ya m'sitolo. Funso lake limaoneka laling'ono: pokonza tebulo mu database (nkhokwe ya pakompyuta yosungiramo zolembedwa m'mizere ndi m'makolamu), kolamu yosunga ndalama ipatsidwe mtundu wanji wa nambala? Ena amati FLOAT kapena mnzake wamkulupo DOUBLE, mitundu yosunga nambala ya kadontho mongoyandikira, ndi zokwanira, poti tambala inasiya kalekale kugula kanthu ndipo palibe amene angailirire. Ena amangolemba DECIMAL(10,2) chifukwa ndi zimene anaona m'maphunziro a pa intaneti. Aliponso amene amati nkhaniyi ndi yotayitsa nthawi, bola zotuluka pa sikirini zikuoneka bwino. Ine ndaima mbali imodzi, ndipo ndinene poyambirira pomwe: ndalama, komanso chilichonse chimene munthu adzafunsidwe kuti afotokoze mmene chayendera, ziyenera kusungidwa mu DECIMAL kapena NUMERIC, mayina awiri a mtundu wosunga manambala ndendende m'makumi. Ndiwonjezerenso kuti manambala awiri amene timalemba pambuyo pa dzina la DECIMAL aja sayenera kukoperedwa kwa wina. Ayenera kusankhidwa mwadala, wolemba pulogalamu atakhala pansi ndi wowerengera ndalama, ndipo lamulo la kafupikitsidwe ka manambala lilembedwe poyera n'kumatsatidwa pamalo amodzi okha.

Kuti timvane, tiyambe ndi mmene FLOAT imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amene amaiteteza sanaisuzumire m'kati. Ife timawerenga m'makumi, pomwe kompyuta imasunga FLOAT ndi DOUBLE m'masamu a 0 ndi 1, motsatira muyezo wa IEEE 754 umene unakhazikitsidwa mu 1985. Tonse tikudziwa kuti tikagawa 1 ndi 3 timapeza 0.3333 yosatha, ndipo pena pake timangoyenera kuima. Zomwezo zimachitikira 0.1 m'masamu a kompyuta: ilibe mathero, choncho makina amasunga nambala yoyandikana nayo kwambiri, osati iyo yeniyeniyo. N'chifukwa chake mukalemba 0.1 + 0.2 mu JavaScript kapena mu Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu, mumayankhidwa 0.30000000000000004. Kompyutayo sinawonongeke ayi, ikuchita zimene inapangidwira. DECIMAL ndiyo imasunga manambala m'makumi, monga mmene kalaliki amalembera m'kaundula, moti 0.10 imakhala 0.10 ndithu. Mukalemba DECIMAL(10,2) mukutanthauza kuti madijiti onse pamodzi ndi 10, ndipo awiri mwa iwo ali kumanja kwa kadontho. Nkhani yonse yagona pa manambala awiri amenewa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yamphamvu, ndipo sindiipeputsa. Iwo amati cholakwika cha DOUBLE chimabisala pa dijiti ya 16 kapena 17, kutali kwambiri ndi chilichonse chimene munthu angachigwire m'manja. Amafunsa kuti m'dziko limene wogulitsa tomato sabweza chenji cha tambala, n'kudandauliranji kachidutswa kochepa kuposa tambalayo kambirimbiri? Yankho langa lili pawiri. Choyamba, vuto si kukula kwa cholakwikacho koma malo amene chimagwera. Pulogalamu ya ngongole imafunsa funso limodzi: kodi zimene munthu wabweza zafanana ndi zimene anatenga? Ngati yankho ndi 0.000000001 m'malo mwa 0, makina amati ngongoleyo sinathe. Mayi amene wamaliza kubweza amakhalabe pa mndandanda wa angongole, mwina amalandira uthenga womukumbutsa, mwinanso amakanizidwa ngongole ina. Iye sanataye tambala, wataya mbiri yake. Ndinazionapo izi pa bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, pomwe mlembi wake ankatsala mu ofesi madzulo kumapeto kwa mwezi uliwonse kufunafuna chifukwa chimene maakaunti ena otha kale ankakanira kutseka. Iye ankadzikayikira yekha, ndipo anzake anayamba kumukayikiranso, chonsecho cholakwa chinali mu kolamu imene wina anaipanga m'mphindi imodzi zaka zingapo m'mbuyomo.

Chachiwiri, ambiri akamati FLOAT sadziwa kuti mawuwa satanthauza chinthu chimodzi paliponse. Mu database ya SQL Server, FLOAT yosatchulidwa kukula imakhala ya ma byte 8 (byte ndi muyezo wa malo osungira m'kompyuta). Mu MySQL, database ina imene ophunzira ambiri amayambira, FLOAT ndi ya ma byte 4 okha, ndipo imasunga molondola madijiti pafupifupi 7 basi. Ikapitirira 16,777,216 imalephera ngakhale kusunga nambala zonse zathunthu. Tanthauzo lake n'lakuti K16,777,217 imasungidwa ngati K16,777,216, ndipo K100,000,003 imasanduka K100,000,000, chifukwa pamenepo manambala amene FLOAT ingakwanitse amadumpha asanu ndi atatu nthawi imodzi. Ngakhale malipiro a munthu mmodzi a K250,000.37 amasungidwa ngati K250,000.375. Apa sitikukambanso za kachidutswa kosaoneka. Tikukamba za makwacha athunthu. Ndipo onani mmene mfundo ya otsutsa ija yatembenukira: iwo amati kuchepa mphamvu kwa kwacha kumachititsa kuti kulondola kusakhale kofunika, koma kuchepa mphamvu komweko ndi kumene kumatalikitsa manambala athu mpaka kufika pamene FLOAT imayamba kutaya. Ndalama imene ku America ingalembedwe ndi madijiti asanu, kuno imafuna asanu ndi atatu.

Kwa amene akuonabe ngati kachidutswa kakang'ono sikangakule, nkhani ya msika wa masheya wa Vancouver ku Canada ndi yokwanira. Mu January 1982 msikawo unayambitsa nambala yoyezera mitengo ya masheya, ndipo inayambira pa 1,000.000. Nthawi iliyonse malonda akachitika, kompyuta inkawerengeranso nambalayo kuchokera pa yapitayo, n'kudula zonse zopitirira madijiti atatu kumanja kwa kadontho m'malo mofupikitsa moyandikira. Zimenezi zinkachitika pafupifupi ka 3,000 pa tsiku. Pofika November 1983 nambalayo inali pa 524.811, koma ataiwerengeranso bwino inapezeka kuti inayenera kukhala 1,098.892. Msika umene unkakwera unkaoneka ngati wagwa ndi theka. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo apa mtolowo unali wa zolakwika. Ndatchula nkhaniyi dala, chifukwa siikunena za FLOAT kwenikweni. Ikunena za kudula ndi kufupikitsa, zimene zimagwira ngakhale munthu amene wasankha DECIMAL. Pali ina yowawa kuposa pamenepa, ya ku Dhahran ku Saudi Arabia pa 25 February 1991, pamene makina a Patriot analephera kutchinga mzinga ndipo asilikali 28 a America anafa. Wotchi ya makinawo inkawerenga nthawi m'zigawo za 0.1 ya sekondi, nambala yomwe ija yosatha m'masamu a 0 ndi 1, ndipo atayaka kwa maola pafupifupi 100 inali itasokera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi.

Mfundo yachiwiri ndi ya liwiro ndi malo. Otsutsa amati purosesa, kachipangizo kochita masamu m'kompyuta, imawerengera DOUBLE mwachindunji pomwe DECIMAL imadutsa njira yaitali, ndipo akunena zoona. Koma tidzifunse kuti kuchedwako kumamveka pati. Pa sisitimu ya sukulu, ya chipatala kapena ya kampani ya antchito 500, nthawi imathera pa netiweki, pa diski ndi pa mafunso a SQL (chilankhulo chofunsira database) olembedwa molakwika, osati pa kuphatikiza manambala. Za malo nazonso n'zochepa: mu MySQL, DECIMAL(19,4) imatenga ma byte 9 pomwe DOUBLE imatenga 8. Kusiyana kwa byte imodzi sikungafanane ndi tsiku limodzi la akauntanti amene akusakasaka kwacha yosowa. Ndikuvomera ndi mtima wonse kuti FLOAT ili ndi kwawo. Kuchuluka kwa mvula, kutentha kwa kunja, kukwera kwa madzi a m'nyanja, malo a pa GPS, zonsezi ndi zoyeza, ndipo chida choyezeracho chimaphonya kale kuposa mmene DOUBLE ingaphonyere. Kumeneko gwiritsani ntchito DOUBLE mosaopa. Ndalama sitiyeza, timawerenga.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaimva kawirikawiri: sungani mmene mungathere, mudzangofupikitsa poonetsa pa sikirini kapena posindikiza lisiti. Chimenechi ndiye chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tiyerekeze kuti sitolo yagulitsa zinthu zitatu, chilichonse pa K1,001, ndipo msonkho wa VAT uli pa 16.5 peresenti, mlingo umene tinauzolowera kwa zaka zambiri. Msonkho wa chinthu chimodzi ndi K165.165. Mukafupikitsa mzere uliwonse paokha mupeza K165.17, ndipo mizere itatu ipereka K495.51. Mukayamba mwaphatikiza mitengo yonse n'kuwerengera msonkho pa K3,003, mupeza K495.495, imene ikafupikitsidwa ndi K495.50. Njira zonse ziwirizi zili ndi nzeru yake, koma zikusiyana ndi tambala imodzi. Tsono ngati database ikusunga 165.165, lisiti likuonetsa 165.17, ndipo lipoti la pamwezi likuphatikiza zimene zili mu database, ndiye kuti munthu amene angatenge malisiti onse n'kuwaphatikiza pa kakyuleta sadzagwirizana ndi lipotilo. Ofufuza mabuku akabwera safunsa kuti kusiyanaku n'kwakukulu bwanji. Amafunsa kuti kwachokera kuti, ndipo ngati palibe woyankha, amayamba kukayikira zina zonse. Chimene chasindikizidwa pa lisiti ndi chimene chiyenera kukhala mu tebulo, dijiti ndi dijiti.

Pamenepa pali msampha wina umene ngakhale odziwa ntchito amagweramo, woti kufupikitsa si kumodzi. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti 5 amakwera, choncho 165.165 imakhala 165.17. Koma pali njira ina, imene ena amaitcha ya mabanki, imene pa theka lenileni imapita ku dijiti yogawika ndi 2, ndipo imapereka 165.16. Mu .NET, chida china cholembera mapulogalamu, lamulo lofupikitsira la Math.Round limatsata njira yachiwiriyi ngati simunaliuze zina. Python nayo imatero, ndipo ikakumana ndi FLOAT zimasokonekeratu: round(2.675, 2) imapereka 2.67, poti 2.675 imene yasungidwa m'makina ndi yocheperako pang'ono. MySQL ndi database ina ya PostgreSQL, pa manambala a DECIMAL, zimatsata njira yakusukulu ija. Ndiye taganizirani sisitimu imene pulogalamu ya pafoni ikufupikitsa mwanjira yake, seva (kompyuta yaikulu imene foniyo imalumikizana nayo) mwanjira yake, database mwanjira yakenso, kenako wina n'kukopera zonse mu Excel imene imasunga madijiti 15 okha. Aliyense mwa anthu anayi oyang'anira mbali zimenezi angalumbire kuti masamu ake ndi olondola. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti lamulo la kafupikitsidwe lisatsalire kwa makina. Mayiko a ku Ulaya pokonzekera ndalama ya euro anachita kulemba m'malamulo mu 1997 kuti mitengo yosinthira ndalama zakale ikhale ndi madijiti 6 ofunika, isafupikitsidwe kapena kudulidwa, monga 1.95583 ya maki ya ku Germany. Ngati maboma anaona kuti nkhaniyi ndi yoyenera lamulo, kampani yaing'ono singalephere kulemba tsamba limodzi.

Tsopano ndifike kwa anzanga amene tili mbali imodzi, amene amasankha DECIMAL koma n'kungolemba (10,2) mosaganiza. Awa ndimalimbana nawo kwambiri chifukwa amadziona otetezeka. Nambala yaikulu imene DECIMAL(10,2) ingasunge ndi 99,999,999.99. Kwa munthu amene analemba phunziro la pa intaneti akuganiza za madola, imeneyi ndi ndalama yochuluka zedi. Kwa ife ndi yosakwana K100 miliyoni, mtengo umene galimoto yaikulu imodzi kapena nyumba imodzi m'tauni ingaupitirire, osanenanso za malipiro a pamwezi a kampani yonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Kolamu imene inali yotakasuka pamene inkapangidwa lero ikuthina. Ndipo chimene chimachitika ikadzaza chimadalira database yake. PostgreSQL imakana, n'kunena kuti nambala yasefukira, zimene ndi zabwino ngakhale zimaimitsa ntchito. MySQL imakananso ngati ili pa strict mode, makonzedwe oiuza kuti izikana zolakwika, koma ngati wina anazimitsa zimenezo, imalandira nambalayo n'kuisandutsa 99,999,999.99, n'kungosiya chenjezo limene mapulogalamu ambiri saliwerenga. Abale athu a ku Zimbabwe anaona mapeto a msewu umenewu: anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo mu 2006, maziro 10 mu August 2008, ndi ena 12 mu February 2009. Ku Zambia anagawa kwacha yawo ndi 1,000 mu January 2013. Sindikulosera kuti zimenezi zichitika kuno. Ndikungonena kuti m'chigawo chathu chino kutalika kwa nambala ya ndalama si chinthu chokhazikika, ndipo womanga sisitimu yoti ikhale zaka 15 ayenera kusiya malo okwanira kumanzere kwa kadontho.

Kumanja kwa kadontho nako kuli nkhani yake, ndipo apa mpamene ndimaona zolakwika zodula kwambiri. Madijiti awiri ndi oyenera pa ndalama imene yalipiridwa kapena kulandiridwa, poti kwacha imodzi ili ndi matambala 100. Koma si nambala iliyonse yokhudza ndalama imene ili ndalama. Mtengo wosinthira ndalama zakunja, chiwongoladzanja cha patsiku, mtengo wa lita imodzi kapena wa yuniti imodzi ya magetsi, zonsezi ndi zochulukitsira, ndipo cholakwika chilichonse chimene chili mwa izo chimachulukitsidwa limodzi. Tiyerekeze kuti dola imodzi ndi K1,750. Ndiye kuti kwacha imodzi ndi 0.000571428 ya dola, kupitirira. Mukaika nambala imeneyi mu kolamu ya madijiti awiri, isanduka 0.00. Mukaiika mu ya madijiti anayi, isanduka 0.0006, imene yakwera ndi 5 peresenti yathunthu. Pa K10 miliyoni, yankho loona ndi madola 5,714.29, koma kolamu ya madijiti anayi ipereka madola 6,000. Bungwe lothandiza anthu limene limalandira madola n'kumagwiritsa ntchito makwacha lingapezeke likupereka lipoti losiyana ndi madola pafupifupi 286 pa K10 miliyoni iliyonse, popanda wakuba aliyense. Choipa kwambiri n'chakuti database siidandaula: MySQL ndi PostgreSQL zonse zimafupikitsa mwakachetechete madijiti opitirira kumanja kwa kadontho. Choncho tebulo limodzi lingafunike makolamu a mitundu iwiri kapena itatu, ina ya madijiti awiri, ina ya 8 kapena 10, ndipo mtengo wosinthira ndi bwino kuusunga mmene banki yaunenera, makwacha pa dola, n'kumagawa pamene pakufunika.

Pali gulu lina limene ndimalilemekeza, lonena kuti tisiye zonsezi, tisunge matambala ngati nambala yathunthu mu BIGINT, mtundu wa manambala aakulu opanda kadontho, moti K1,001.50 ikhale 100150. Njira imeneyi ndi yolondola, ndi yachangu, ndipo makampani ena akuluakulu a zolipira pa intaneti, monga Stripe, amalandira ndalama m'njira yomweyi. Sindingamutsutse munthu amene waisankha akudziwa chimene akuchita, ndipo penapake ndi njira yokhayo, monga ndifotokozere posachedwa. Komabe sindiiika patsogolo pa zifukwa ziwiri. Kadontho kamachoka mu database n'kukakhala m'mutu mwa wolemba pulogalamu, ndipo wolemba pulogalamuyo akapeza ntchito ina amapita nako. Wobwera pambuyo, kapena wa ku ofesi ya zachuma amene walumikiza Excel ku database, akaona 100150 amawerenga kuti K100,150. Chifukwa china n'chakuti kugawa ndi 100 si lamulo la ndalama zonse. Yen ya ku Japan ilibe tizigawo, pomwe dinari ya ku Kuwait ili ndi madijiti atatu kumanja kwa kadontho. Komanso matambala athunthu sathetsa nkhani ya zochulukitsira ija, imene imafunabe DECIMAL. DECIMAL(19,2) imadzifotokoza yokha kwa aliyense wotsegula tebulo, ndipo kwa ine, m'maofesi amene anthu amasinthasintha komanso zolembedwa zofotokoza sisitimu zimasowa, ubwino umenewu ndi waukulu.

Za mtundu wotchedwa MONEY sinditayapo nthawi. Mu SQL Server uli ndi madijiti anayi okhazikika kumanja kwa kadontho ndipo umataya ena pogawa, pomwe mu PostgreSQL kaonekedwe ndi tizigawo take zimadalira makonzedwe a dziko amene ali pa seva, moti kusamutsa database kungasinthe tanthauzo lake. Dzina lake ndi lokopa, koma DECIMAL imachita ntchito yomweyo mosabisa kanthu.

Amene amati tingopereka malo ochuluka kwambiri, monga DECIMAL(38,18) paliponse kapena NUMERIC yopanda malire imene PostgreSQL imalola, ali pafupi ndi choonadi koma aphonya chinthu chimodzi. Malire a kolamu ndi mlonda. Kolamu ya malipiro imene imalola madijiti 18 kumanja kwa kadontho idzalandira K33,333.333333333333 popanda funso, ndipo palibe banki imene ingatumize ndalama yotere. Apa ndi pamene otsutsa ena amandikola, amati: nanga si DECIMAL yanuyo nayo imalephera kugawa ndi 3? Inde imalephera, ndipo sindinanenepo kuti imathetsa masamu. Ngongole ya K100,000 yobwezedwa katatu imapereka K33,333.33 katatu, imene ndi K99,999.99. Tambala imodzi yatsala. Kusiyana kwake n'kwakuti mu DECIMAL tambalayo ikuoneka, ndipo munthu ayenera kugamula kumene ipite. Amayi a banki m'khonde amachita zimenezi pogawana ndalama pakutha pa chaka: chotsala sachitaya, amagwirizana poyera kuti chipita kwa yani kapena chitsala m'bokosi. Mu pulogalamu, chigamulocho chingakhale chakuti gawo lomaliza likhale K33,333.34. FLOAT imabisa funsoli, pomwe DECIMAL imalibweretsa patebulo kuti liyankhidwe ndi mwini ntchito.

Ndisanasiye mbali imeneyi, ndichenjeze kuti kolamu yabwino payokha siikwanira, chifukwa nambala imayenda ulendo isanafike mu tebulo ndiponso ikatuluka. Mu JavaScript nambala wamba iliyonse ndi DOUBLE. N'chifukwa chake laibulale ya node-postgres, pulogalamu yolumikiza JavaScript ndi PostgreSQL, imabweza NUMERIC ngati malemba, osati ngati nambala, ndipo imachita dala kuti isataye kanthu. Wolemba pulogalamu wothamanga akaona malembawo amawaponya mu parseFloat, lamulo lowasandutsa DOUBLE, ndipo ntchito yonse imene DECIMAL inagwira imathera pomwepo. Mu chilankhulo cha Java muli BigDecimal, mtundu wofanana ndi DECIMAL, koma mukaipanga kuchokera ku 0.1 ya DOUBLE m'malo mwa malemba "0.1", imasunga mokhulupirika cholakwika chonse, 0.1000000000000000055 ndi zina zotsatira. Choopsa koposa kwa ife ndi SQLite, database yaing'ono imene ili m'mafoni a Android amene alangizi ndi otolera ndalama amayenda nawo kumidzi. SQLite imalola kuti mulembe DECIMAL(10,2), koma manambala awiriwo siiwalabadira, ndipo nambala ya kadontho imaisunga ngati DOUBLE. Pamenepa ndi pamene matambala athunthu ali njira yoyenera. Wosadziwa zimenezi amakhulupirira kuti watseka chitseko, chonsecho loko wake ndi wojambula.

Mwina wina afunsa kuti n'chifukwa chiyani nkhani ya akatswiri ngati iyi ikulembedwa kuti aliyense awerenge. Chifukwa chake n'chakuti amene amapweteka si olemba mapulogalamu. Ndi mphunzitsi amene ndalama yake ya penshoni ikuwerengeredwa mwezi ndi mwezi kwa zaka 30, mlimi amene makilogalamu a fodya kapena soya wake akuchulukitsidwa ndi mtengo, wogwira ntchito pa kauntala amene amadulidwa malipiro ndalama za tsikulo zikapanda kugwirizana ndi lipoti. Anthu amenewa amauzidwa kuti kompyuta siinama, ndipo alibe njira yotsutsira. Choncho udindo uli pa ogula masisitimu nawonso. Bwana amene akusaina mgwirizano ndi kampani yolemba mapulogalamu safunika kudziwa SQL kuti afunse kuti ndalama zikusungidwa mu mtundu wanji, nambala yaikulu imene sisitimu ingalandire ndi iti, kufupikitsa kumachitikira pati ndipo kumatsata lamulo liti. Ngati wogulitsayo achita chibwibwi pa mafunso amenewa, bwanayo wadziwa zambiri. Aphunzitsi a m'makoleji nawo asiye kuonetsa ophunzira chitsanzo cha tebulo la malipiro lokhala ndi FLOAT poganiza kuti ndi chitsanzo chabe, chifukwa chitsanzo choyamba ndi chimene munthu amapita nacho kuntchito.

Nanga amene ali kale ndi sisitimu yodzaza FLOAT atani? Lamulo la ALTER TABLE lisintha mtundu wa kolamu m'kanthawi kochepa, koma madzi akatayika saoleka: K100,000,003 imene inasungidwa ngati K100,000,000 siidzabwerera yokha. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yochedwa. Onjezani kolamu yatsopano ya DECIMAL pambali pa yakaleyo, koperani manambala mukufupikitsa ndi lamulo limene mwagwirizana, kenako phatikizani makolamu onse awiri mwezi ndi mwezi n'kuyerekeza ndi masitetimenti a ku banki ndi malisiti. Ngati kolamu yakale inali DOUBLE ndipo manambala ake sankapitirira madijiti 15, ambiri adzabwerera bwinobwino. Ngati inali FLOAT ya ma byte 4, yembekezerani kusiyana pa ndalama zikuluzikulu, ndipo kusiyana kulikonse kulembedwe ngati kukonza kumene akauntanti wasainira, osati kufufutidwa usiku ndi wolemba pulogalamu. Kolamu yakaleyo isachotsedwe kufikira ofufuza mabuku atatseka chaka chimenecho.